Tikufuna kupita ndi ana ku ski koyamba: tisankhe mapiri ati?

Funso: Ndine mayi wa ana atatu, timakhala ku Coventry, ku England. Woyamba ali ndi zaka 11, wachiwiri 7, chitsirizira 4. Wamkuluyu wakhala akutichonderera kuti tipite ku ski, masewera otsetsereka pa sinowo kumapiri, chifukwa anzake a kusukulu amapita chaka ndi chaka. Pabanja pathu palibe amene anaimapo pa ski. Ine ndi bambo awo tili ndi mapasipoti a Malawi, anawo ali ndi a Britain. Anzanga a kuntchito ena akuti Chamonix kapena Val d'Isère ku France, ena akuti Bansko ku Bulgaria chifukwa n'kotchipa. Ndalama tasunga koma si zambiri. Tipite kuti, ndipo tipite liti?

Yankho: Mayi, Chamonix ndi Val d'Isère muziike pambali kaye. Ndi malo abwino zedi, koma ubwino wake amaumva ndi anthu amene anazolowera kale ski. Ulendo woyamba wa banja ngati lanu usankhidwe poyang'ana chitsirizira wanu wa zaka 4, osati kutchuka kwa dzina la malo. Mwana ameneyu ndiye adzagamule ngati sabatayo idzakome kapena idzakhale ya misozi. Iye akamagona bwino, akamafika kusukulu ya ski asanatope, akamatha kubwerera kunyumba masana kukadya ndi kupumula, nonse zidzakuyenderani. N'chifukwa chake pa malo aliwonse amene banja likuwaganizira ndimayamba ndi funso limodzi: kuchokera pakhomo pomwe mukugona kukafika pamene ana amakumana ndi aphunzitsi awo m'mawa, wapansi ndi mphindi zingati?

Funso limeneli limaoneka laling'ono kwa munthu amene sanavalepo jombo za ski. Jombozi ndi zapulasitiki yolimba, zolemera, sizipindika pa akakolo, ndipo kuyenda nazo pamsewu woterera n'kovuta ngakhale kwa wamkulu. Maphunziro amayamba cha m'ma 9 koloko. Isanakwane nthawi imeneyo muyenera kuveka ana atatu zovala zosanjikiza, magolovesi, helemeti ndi magalasi, kenako wamng'onoyo adzanena kuti akufuna kuchimbudzi mutamumanga kale zonse. Mukatuluka panja, ma ski ake ndi ndodo mudzanyamula ndinu pamodzi ndi anu. Mtunda umene pa mapu akuti ndi wa mphindi 10 umasanduka wa theka la ola. Ndiye taganizirani Chamonix. Ndi tauni yaikulu ya m'chigwa, m'munsi mwa phiri la Mont Blanc, kumene kunachitikira Olimpiki yoyamba ya nyengo yozizira mu 1924. Malo ake ochitira ski ndi omwazikana: Brévent, Flégère, Grands Montets, Le Tour, Les Houches, ndipo ambiri mwa awa mumawafika pa basi yodzaza anthu onyamula ma ski. Ku Val d'Isère vuto ndi lina: mitsetse yobwerera m'mudzi ndi yoima kwambiri, moti wongoyamba kumene amatsika pa lifiti, makina onyamula anthu paphiri, kapena amatsika akunjenjemera. Kumeneko mudzapita ana akakula.

Tisanafike pa mapiri, tione kaye mapasipoti anuwo, chifukwa anzanu amene akukulangizaniwo mwina nkhaniyi siiwakhudza. Chilolezo chokhala ku Britain, ngakhale chokhazikika, sichikulowetsani ku France, Austria kapena Italy. Inu ndi bambo mufunika viza ya Schengen, gulu la maiko a ku Ulaya amene amagwiritsa ntchito viza imodzi, pomwe ana safunika. Viza mumaipempha ku dziko limene mukakhaleko masiku ambiri, osati limene ndege ikatere. Ngati mukagone ku France koma ndege ikutera ku Geneva, mupemphe kwa a France, ndipo viza yomweyo idzakulowetsani pa bwalo la Geneva popeza Switzerland ali mu Schengen. Kuyambira mu Juni 2024 mtengo wake ndi mayuro 90 munthu wamkulu, kuphatikizapo ndalama ina ya kampani yomwe imalandira mapepala m'malo mwa ofesi ya kazembe. Malamulo amalola kupempha kutatsala miyezi 6, ndipo mwayi umenewu muugwiritse ntchito, chifukwa chimene chimasautsa anthu kwambiri ndi kupeza tsiku lokapereka mapepala. Adzafuna kuona kumene mukagone, matikiti a ndege, ndi inshuwalansi ya kuchipatala yosachepera mayuro 30,000. Pasipoti nayo ikhale yotsala ndi miyezi 3 kapena kuposerapo kuchokera tsiku limene mudzatuluke mu Schengen. Choncho chilichonse chimene mukulipira viza isanatuluke chikhale choti mukhoza kuchikana n'kubwezeredwa ndalama zanu. Mitengo yotsika ya mphindi yomaliza imene anzanu amadikirira si yanu.

Pali msampha umodzi umene ndaona ukukola anthu a mapasipoti ngati athu, ndipo ndi Andorra, kadziko kakang'ono ka pakati pa France ndi Spain. Mabanja a ku Britain amakonda malo a ski a kumeneko, Soldeu ndi Arinsal, chifukwa aphunzitsi olankhula Chingelezi ndi ambiri komanso mitengo ndi yofewerapo. Koma Andorra alibe bwalo la ndege, mumadzera ku Toulouse kapena Barcelona n'kuyenda pafupifupi maola atatu pa basi, ndipo dzikolo silili mu Schengen. Mukalowa mu Andorra ndiye kuti mwatuluka mu Schengen, ndipo pobwerera kukakwera ndege mukulowanso kachiwiri. Viza yolowera kamodzi siikwanira, mufunika yolowera kawiri kapena kambiri. Bulgaria, kumene kuli Bansko, kale anali ndi viza yakeyake, koma tsopano ali mu Schengen kwathunthu kuyambira mu Januwale 2025.

Tsopano nthawi. Sabata ya tchuthi cha pakati pa teremu mu Febuluwale ndiyo imene aliyense amaifuna, ndipo ndiyo yodula kwambiri pamodzi ndi ya Chaka Chatsopano. Sinowo imakhala yambiri, zoona, koma sukulu za ku France nazo zimakhala pa tchuthi mosinthanasinthana kuyambira mu Febuluwale mpaka kumayambiriro a Malichi, ndiye mizere pa malifiti imatalika ndipo malo m'sukulu za ski amatha miyezi ingapo nthawi isanakwane. Khirisimasi ndimaiopa pa zifukwa ziwiri: dzuwa limalowa msanga, komanso zaka zina sinowo imakhala isanagwe yokwanira. Masabata otchipa ndi a pakati pa Januwale, koma ana amakhala ali pasukulu, ndipo ku England kuyambira mu Ogasiti 2024 chindapusa chojombetsa mwana popanda chilolezo ndi mapaundi 80 kholo lililonse pa mwana aliyense. Sindingakulimbikitseni njira imeneyo.

Ine ndikanakhala inu ndikanasankha sabata yoyamba ya tchuthi cha Isitala. Masiku amakhala atatalika, dzuwa limawala, ndipo mwana sakhala akulira zala. Kwa ana amene sanakhalepo panja tsiku lonse kukuzizira mpaka pansi pa ziro, zimenezi n'zofunika kuposa kuchuluka kwa sinowo. Mitengo nayo imakhala yotsikirapo poyerekeza ndi Febuluwale. Chovuta chake n'chakuti sinowo ya mu Epulo imauma m'mamawa ndipo masana imasungunuka n'kukhala yolemera, koma kwa inu sikuti ndi vuto lalikulu, popeza maphunziro ndi a m'mawa ndipo pofika 2 koloko miyendo idzakhala itakana kale. Chongofunika kuonetsetsa ndi tsiku limene malowo amatseka, chifukwa ambiri amatseka pakati pa Epulo, ndipo Isitala imasuntha chaka ndi chaka.

Mukasankha Isitala, kutalika kwa malo kumakhala nkhani yaikulu. Apa musamale ndi zotsatsa malonda. Adzakuuzani kuti phiri lawo limafika mamita 2,500 kapena 3,000, koma ana anu sakaphunzirira pansonga. Akaphunzirira pa kamtsetse ka pafupi ndi nyumba, ndiye chofunika ndi kutalika kwa kamtsetse kameneko. Midzi ya ku France ngati Morzine, yomwe ili pa mamita 1,000, ndi Les Gets, pa mamita 1,172, ndi yokongola komanso yokonda ana, koma nyengo ikatentha mvula imagwa m'malo mwa sinowo. Kumayambiriro a Januwale 2023 malo ambiri a m'munsi m'mapiri a Alps anali ndi udzu poyera, ndipo mitsetse yambiri inatsekedwa. Makina opanga sinowo alipo pafupifupi paliponse, koma amagwira ntchito pokhapokha kukazizira mpaka pansi pa ziro. Langizo langa ndi loti mugone pa mamita a pakati pa 1,600 ndi 2,000, ndipo mufunsenso kumene mitsetse yayang'ana. Ku Ulaya mtsetse woyang'ana kumpoto suwombedwa dzuwa kwambiri, choncho umasunga sinowo nthawi yaitali.

Musakwerenso mopitirira. Val Thorens ku France, pa mamita 2,300, ndi malo a ski okwera kwambiri mu Ulaya monse, ndipo sinowo siisowa. Koma kulibe mitengo yotchinga mphepo, ndipo nyengo ikaipa simuona ngakhale munthu amene ali patsogolo panu. Pamtunda wotere ana ena amavutika kugona masiku oyamba, mutu umawapweteka, ena amatuluka kamfuno chifukwa mpweya ndi wouma. Kukulira kwanu ku Dedza kapena ku Mzimba sikukuthandizani pano, thupi linazolowera kale Coventry. Ndipo pali chinthu chimene makampani a maulendo sadzakufunsani koma ine ndiyenera kuchinena: ngati m'banja mwanu muli wodwala sickle cell, musalipire kalikonse musanakambirane ndi dokotala wake. Kuzizira, kuchepa kwa mpweya wa okosijeni pamwamba pa phiri, kutopa ndi kuchepa kwa madzi m'thupi ndi zinthu zimene zimadzutsa ululu wa matendawa, ndipo ku ski zonsezi zimabwera pamodzi. Ngakhale amene sadwala koma anangotengera jini imodzi, adokotala adziwe za ulendowu, chifukwa zinachitikapo kuti kapamba wa anthu oterewa wavutika pamalo okwera kwambiri. Chimodzimodzi mwana wa mphumu: mpweya wozizira umatha kuidzutsa, mankhwala ake akhale m'thumba la jekete, osati m'chikwama chotsala kunyumba.

Chinthu china chimene chimakopa anthu pachabe ndi kuchuluka kwa makilomita. Ku France dera la Les Trois Vallées limadzitama ndi makilomita 600 a mitsetse, la Paradiski makilomita 425. Tikiti yokwerera malifiti, imene kumeneko amati lift pass, ya masiku 6 ku Les Trois Vallées imapitirira mayuro 350 munthu wamkulu mmodzi. Kwa banja longoyamba kumene, kugula imeneyi kuli ngati kubwereka munda wa maekala 50 pomwe mukufuna kudzala bedi limodzi la mpiru. Masiku awiri kapena atatu oyamba mudzakhala pa kamtsetse kamodzi, mukukwera lamba woyenda yekha amene munthu amangoimapo, mukuphunzira kusonkhanitsa nsonga za ma ski kutsogolo kuti muime. M'malo ambiri a ku France malifiti angapo a ongoyamba ndi aulere, pali matikiti otchipa a kadera kakang'ono, ndipo ana osakwana zaka 5 kawirikawiri salipira bola muonetse pasipoti. Musagule lift pass musanafunse a sukulu ya ski kuti kalasi yanu ifunika iti, kuyambira tsiku liti.

Pa mapu a mitsetse muyang'ane mitundu. Ku France wobiriwira ndi wophweketsetsa, kenako wabuluu, wofiira, ndipo wakuda ndi wa akatswiri. Ku Austria, Italy ndi Switzerland kawirikawiri amayambira pa wabuluu, ndiye wabuluu wa kumeneko ukhoza kukhala wosalala kapena woimirirako ndithu. Chimene mukufuna kuona ndi ichi: mwana akachoka pa kamtsetse kophunzirira, kodi pali mitsetse yaitali yophweka yoti apitirire nayo? Nanga pali njira yophweka yobwerera kunyumba madzulo? Malo ena ali ndi kamtsetse kabwino ka ongoyamba, koma chotsatira chake ndi chofiira basi. Mwana wanu wa zaka 11 adzaphunzira msanga kuposa nonse, ndipo pofika Lachinayi adzafuna kukwera pamwamba. Akhale ndi kopita.

Pa sukulu ya ski ndiye musaumire ndalama. Nonse mulowe m'kalasi, inu ndi bambo omwe, ndipo musalole mnzanu wodziwa ski kuti akuphunzitseni, chifukwa zimenezi zimathera pa bondo lovulala ndi mkangano. Ku France sukulu yaikulu ndi ESF, yomwe inakhazikitsidwa mu 1945, ndipo aphunzitsi ake amavala zofiira. Ana oyambira zaka 3 amalowa mu Club Piou Piou, bwalo lotchingidwa kumene amaphunzira mosewera, ndipo kumapeto kwa sabata ana amalandira timamendulo, monga Ourson, kenako Flocon, kenako nyenyezi. Timamendulo timeneti ana amatinyadira kwambiri. Koma m'masabata a tchuthi makalasi amadzaza, ndipo mwana wolankhula Chingelezi akhoza kupezeka yekha pakati pa ana Achifalansa. Wa zaka 11 sizimusautsa, koma wa zaka 4 amene akuzizidwa ndipo sakumva zimene akunena amakana kubwererako mawa lake. Lembani kalata kusukuluko mufunse mosabisa: m'kalasi mumakhala ana angati, kodi gulu lolankhula Chingelezi lidzakhalapo sabata imeneyo, ndipo pali chipinda chofunda ndi chimbudzi pafupi? M'malo ambiri mulinso sukulu zina monga Oxygène ndi Evolution 2, zimene magulu ake amakhala ochepa. Funso lina lofunika kwambiri: kodi makalasi a akulu ndi a ana amayamba ndi kutha nthawi imodzi, pamalo amodzi? Ngati ayi, mmodzi wa inu adzakhala akuthamanga ndi jombo zija tsiku lililonse.

Ulendo wochokera pabwalo la ndege nawo muuwerengere. Malo otchuka a m'chigwa cha Tarentaise ku France, monga La Plagne, Les Arcs, Tignes ndi La Rosière, ali pafupifupi maola atatu kuchokera ku Geneva, ndipo Loweruka la tchuthi, tsiku limene alendo onse amasinthana, msewu wodutsa ku Moûtiers umadzaza moti maolawo amachuluka. Gawo lomaliza ndi lokhotakhota kukwera phiri, ndiye ngati muli ndi mwana wosanza m'galimoto mukonzekeretu. Galimoto yobwereka sindikulangizani pa ulendo woyamba: mukuyendetsa kudzanja lamanja, pa sinowo, ndipo m'madera a mapiri ku France lamulo limafuna matayala a nyengo yozizira kapena matcheni kuyambira pa 1 Novembala mpaka pa 31 Malichi. Lipirani basi ya kampani. Kwa La Plagne ndi Les Arcs palinso sitima: Eurostar kuchoka ku London, kusintha ku France, mpaka Bourg-Saint-Maurice, kumene kasitima kokwera phiri kamakufikitsani ku Arc 1600 m'mphindi zosakwana 10.

Mayina amene ndingakupatseni ndi awa. Loyamba ndi Flaine ku France, pa mamita 1,600, ola limodzi ndi theka kapena kucheperapo kuchokera ku Geneva. Ena amaderera malowa chifukwa nyumba zake ndi zakonkire, zojambulidwa ndi Marcel Breuer m'zaka za m'ma 1960, osati tinyumba tamatabwa ta pa positikhadi. Ine zimenezo sizindidetsa nkhawa. Flaine ili m'chibeseni chomwe mitsetse yake yambiri inayang'ana kumpoto, sinowo imakhalitsa, pakati pa mudzi magalimoto sadutsa, ndipo pafupifupi mitsetse yonse imatsikira pamalo amodzi, moti mwana sasochera ndipo kukumana masana n'kosavuta. Lachiwiri ndi Avoriaz, pa mamita 1,800, nayonso yosatalikira Geneva. Kumeneko magalimoto amatsala kunja kwa mudzi, misewu yake ndi sinowo, katundu amanyamulidwa pa ngolo zotsetsereka zokokedwa ndi mahatchi, ndipo sukulu ya ana ili pakatikati pa mudzi. Palinso dziwe losambirira lofunda lotchedwa Aquariaz, limene limapulumutsa tsiku la mphepo. Kungoti Avoriaz ndi yodulirapo. La Plagne ili ndi mitsetse yabuluu yotakata yambirimbiri, koma ndi midzi yambiri ya dzina limodzi, ina pamwamba monga Plagne Centre ndi Belle Plagne, ina m'munsi, ndiye muonetsetse mudzi umene mukulipira. La Rosière, pa mamita 1,850, ndi yabata ndipo inayang'ana kudzuwa, choncho imakoma kwambiri mu Febuluwale kusiyana ndi kumapeto a nyengo. Ku France kulinso chizindikiro chotchedwa Famille Plus chimene chimapatsidwa kwa malo okonzekera bwino ana, chikhoza kukuthandizani posefa.

Ku Austria, Serfaus-Fiss-Ladis ndi malo amene anadzipereka kwathunthu kwa mabanja, ndipo ku Serfaus kuli kasitima kapansi pa nthaka kamene kamatenga anthu kuchokera koimika magalimoto mpaka ku malifiti. Obergurgl, pa mamita 1,930, ndi yabata ndipo sinowo yake ndi yodalirika. Onse awiriwa ndi abwino koma thumba limamva. Ngati ndalama ndiye nkhani yaikulu, yang'anani Passo Tonale ku Italy, pa mamita oposa 1,800. Si kokongola kwenikweni, ndi mahotela ondandalika m'mbali mwa msewu, koma mitsetse yophweka ili moyang'anizana ndi mahotelawo, chakudya n'chotsika mtengo, ndipo sukulu zambiri za ku Britain zimatengera ana awo kumeneko pa zifukwa zomwezi.

Za Bansko, anzanuwo sananame: maphunziro, kubwereka zida ndi chakudya n'zotchipa kuposa ku Alps. Koma taunayo ili m'munsi, pa mamita osafika 1,000, ndipo pafupifupi aliyense amakwera phiri pa gondola imodzi, lifiti ya tizipinda tolendewera pa chingwe. M'sabata ya tchuthi mzere wa m'mawa pa gondola imeneyi ndi wotchuka ndi kutalika kwake. Kuimika mwana wa zaka 4 pamzere wotere tsiku ndi tsiku, kenako osatha kubwerera naye kunyumba msanga akatopa, n'zosemphana ndi zonse zimene ndanena pamwambapa. Ngati mtima uli ku Bulgaria, Borovets ili pafupi ndi Sofia ndipo mahotela ena ali m'munsi mwenimweni mwa mitsetse, pomwe Pamporovo ili ndi mitsetse yofatsa yoyenera ongoyamba. Koma kumeneko mupite mu Febuluwale, Isitala imakhala mochedwa.

Pa malo ogona, banja la anthu asanu limapulumutsa ndalama zambiri likatenga fulati yokhala ndi khitchini. Chakudya cha m'malesitilanti a pamwamba pa phiri n'chodula kwambiri, ndipo ana otopa amadya bwino zimene anazolowera. Mafulati a ku France ndi aang'ono, ndiye akalemba kuti mumagona anthu 6 muwerenge kuti ndi a anthu 4, ndipo mufunse ngati zofunda ndi matawulo zili mumtengo. Nyama ndi zamkaka musanyamule kuchokera ku Britain, malamulo a European Union salola. Dziwaninso kuti pamwamba pa phiri madzi amawira asanatenthe kufika madigiri 100, choncho mpunga ndi nyemba zimachedwa kupsa. Mukamayerekeza mitengo, muphatikize zonse: ndege ndi katundu, basi, nyumba, lift pass, maphunziro, kubwereka ma ski, jombo ndi helemeti, viza ndi inshuwalansi. Mtengo umene umaoneka pa tsamba loyamba la kampani nthawi zambiri ndi wa ndege ndi nyumba zokha.

Inshuwalansi ndiikhalirepo pang'ono. Imene munagulira viza mwina siikhudza ski konse, muwerenge ngati yalemba winter sports, kutanthauza masewera a pa sinowo. Munthu akavulala pamtsetse ku France, opulumutsa amene amamutsitsa pa machira amalipiritsa, ndipo ikafunika helikopita ndalama zake zimafika masauzande. Kadi ya GHIC, imene anthu okhala ku Britain amaitenga ulere, imathandiza m'zipatala za boma za maiko a European Union, koma siilipira kutsitsidwa m'phiri, siilipira kiliniki yapulayiveti imene ili m'mudzi wa ski, siilipira kukubwezerani kunyumba, ndipo ku Andorra siigwira ntchito. Ku France m'madera ena amagulitsa inshuwalansi ya Carré Neige pamodzi ndi lift pass pa mayuro ochepa patsiku, ndipo ubwino wake ndi woti simutulutsa ndalama pomwepo. Ku Italy, kuyambira pa 1 Januwale 2022, aliyense wochita ski ayenera kukhala ndi inshuwalansi yolipira munthu wina amene wamuvulaza. Anawo muwaphunzitsenso lamulo lalikulu la pamtsetse: amene ali m'munsi mwako ndiye ali ndi ufulu wa njira, iwe wochokera kumtunda ndiwe woyenera kumupewa.

Zovala musagule zodula. Majekete ndi mathalauza a ski amapezeka otchipa ku Decathlon, nthawi zina ku Aldi ndi Lidl, kapena ogwiritsidwapo kale ntchito pa msika wa pa intaneti wa Vinted, popeza ana amakula asanawang'ambe. Ndalama ziikeni pa magolovesi abwino, mapeya awiri mwana aliyense, ndi masokosi a ski. Sokosi imodzi phazi lililonse, osasanjikiza, chifukwa kusanjikiza kumathinitsa jombo ndipo phazi limazizira kwambiri. Zamkati zisakhale za thonje, thonje likanyowa ndi thukuta limaziziritsa. Helemeti avale aliyense, ndipo ku Italy ndi lamulo. Apa pali nkhani ya tsitsi imene amayi anzathu amaidziwira pa shopu yobwereketsa zida: helemeti iyenera kukhala bwinobwino pamutu, ndiye malukidwe okhuthala, mikanda kapena tsitsi lomangidwa pamwamba sizilowa. Atsikana ndi inu nomwe mulukitse zogona zopita kumbuyo, ndipo kansalu kosalala kopyapyala mkati kamateteza tsitsi. Khungu lathunso limapsa ndi dzuwa la kumapiri, musanamizidwe. Sinowo yatsopano imabweza mpaka 80 peresenti ya cheza cha dzuwa, ndipo mphamvu ya chezacho imakula mukamakwera. Mafuta oteteza kudzuwa, mafuta a milomo, Vaseline wa madzulo ndi magalasi a mwana aliyense zisatsale.

Musanalipire ulendo wonsewu, tengani banja lonse mupite ku SnowDome ku Tamworth, si kutali ndi Coventry. Ndi nyumba yokhala ndi mtsetse wa sinowo yeniyeni mkati, ndipo amaphunzitsa ongoyamba. Zoterezi ziliponso ku Milton Keynes, Hemel Hempstead ndi Castleford. Maphunziro angapo kumeneko amachita zinthu ziwiri: mumafika kumapiri mukudziwa kale kuvala jombo, kuima ndi kukhota, choncho masiku odula aja satayika pa zoyambirira, komanso mumadziwiratu ngati wina sakuzifuna n'komwe. Ngati bambo aona kuti si zawo, ndiye musankhe mudzi wokhala ndi dziwe losambirira, njira zoyenda wapansi ndi gondola yololeza oyenda pansi, kuti azitha kukumana nanu masana. Viza ikavuta, Scotland ilipo: Cairngorm pafupi ndi Aviemore, Glenshee ndi The Lecht. Kumeneko sinowo ndi mphepo n'zosapanganika, ndiye ndi koyenera kupita mwadzidzidzi mukamva kuti yagwa, osati kokonzera miyezi. Kwa owerenga amene ali ku Johannesburg, Afriski ku Lesotho ndi ulendo wa maola pafupifupi asanu pa galimoto, ndipo nyengo yake ndi Juni mpaka Ogasiti. Mtsetse wake waukulu ndi wa pafupifupi kilomita imodzi, wokwanira kuphunzirirapo, koma malowo ali pamwamba kuposa Sapitwa wa ku Mulanje, amene ndi mamita 3,002, choncho zimene ndanena za sickle cell ndi mphumu n'zofunika kwambiri kumeneko.

Kwa banja lanu, mayi, ine ndingasankhe Flaine sabata yoyamba ya tchuthi cha Isitala, m'fulati ya kudera la Forum kumene kuli mashopu ndi pokumanira sukulu za ski, ndipo ngati mtengo wakana ndingatembenukire ku Passo Tonale. Yambani ndi kufunsa sukulu ya ski ngati ili ndi malo a ana atatuwo m'gulu la Chingelezi sabata imeneyo. Akavomera, sungitsani fulati imene ili pafupi ndi pokumanirapo pa mgwirizano wobweza ndalama, kenako ndege ya ku Geneva, ndipo tsiku lomwelo muyambe kusaka tsiku lokapereka mapepala a viza.